Petulo Amene Alamu Anga Sanabe

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinagula pikapu yakale kwa mlimi wina wa ku Mlonyeni. Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Mchinji kuno inandibweretsa ndi ntchito, ndipo ndinakwatira ku Chiosya n'kukhazikika komweko. Maso anga anali atayamba kale kuchita nkhungu, choncho woyendetsa galimotoyo anali alamu anga, alongo ake a mkazi wanga, amenenso ndiwo anali malume a ana anga. Kuyendetsa anaphunzirira pa esiteti ya fodya. Anali munthu wosatha kukhala chete, ndipo galimotoyo ankaiseka ngati mnzawo.

"Alamu," ankatero, "galimoto yanuyi ndi yopemphera kuposa inu. Ikangoona chitunda yayamba kale kugwada."

Inkatinyamulira mabelo a fodya ndi matumba a mtedza. Inkanyamula odwala kupita nawo kuchipatala pa boma, ndipo pa maliro a mumpingo mwathu inkakhala yoyamba kufika. Ndinkaiona ngati mphatso imene Ambuye andisungitsa, ndipo ndinkaisunga mwansanje. Amene anandigulitsa anandichenjeza kuti anthu okonda kugwiragwira injini ndiwo amapha galimoto, choncho ndinaika lamulo: boneti ndimatsegula ndine ndekha. Za alamu zinali mawilo ndi chiwongolero. M'mawa uliwonse ndinkaona oyilo ndi madzi, kenako n'kuviika ndodo yansungwi m'thanki, pakuti geji ya petulo inafa kalekale. Pa ndodopo ndinali nditalemba mizere ndi mpeni.

Chaka chachiwiri, mvula itatha ndipo fumbi litayamba, galimoto inayamba kufooka. Chitunda cha kutsidya kwa dambo, chimene inkakwera bwinobwino ndi katundu, tsopano inkachikwawa pa giya yoyamba, ikulira, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo. Ulendo wa ku boma ndi kubwerera unkadya mizere iwiri ya pa ndodo. Unayamba kudya itatu. Kenako inayi.

Ndinafufuza monga mmene ndinkadziwira. Ndinamasula mapulagi n'kuwapeza akuda bii ndi mwaye. Ndinagula atsopano, koma patatha sabata nawonso anada. Ndinaganiza za petulo wa m'zigubu amene tinkagula kwa ogulitsa a kumalire, poti ena amati amasakaniza ndi parafini. Ndinasiya, n'kumathira wa pa pampu yekha. Sizinasinthe. Ndinapopetsa matayala. Ndinayala chikatoni pansi pa galimoto kuti ndione ngati thanki kapena paipi ikudontha, ndipo chinakhala chouma. Ndinapempheranso, pakuti palibe kanthu kakang'ono kamene sindikauza Atate.

Alamu anandiuza kangapo konse. "Iyi ikubanika, alamu. Imvani mmene ikupumira, ngati munthu wa mphumu. Tatsegulani tione tonse awiri."

"Zam'kati ndikuzidziwa ine," ndinkayankha. "Inu yendetsani."

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, bambo wina amene tinkakhala benchi imodzi anandikokera pambali. Anati anawaona alamu pa msika atanyamula chigubu, akucheza ndi a kabaza wa njinga zamoto, aja amagula petulo m'mabotolo. Sananene zambiri. Ndinatsiriza ndekha. Galimoto sikudontha, mapulagi ndi atsopano, petulo ndi wabwino, ndiye kuti pali dzanja. Maganizo amenewo anandikomera, ndiyenera kuvomera, chifukwa anandichotsera manyazi a munthu amene walephera kupeza vuto.

Linali Lachiwiri m'mawa. Amuna awiri ankakweza matumba a mtedza, mkazi wanga akusesa pakhomo. Ndinaviika ndodo, n'kuikweza kuti onse aione.

"Alamu, petuloyu akupita kuti?"

Anaseka. "Ifunseni eni akeyo. Ndi imene ili ndi mimba."

"Ndikufunsa inu. M'chigubu munali nacho pa msika muja munali chiyani?"

Tsache linasiya kulira. Amuna aja anaima thumba lili m'manja. Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali, kuseka kuja kukuzima pang'onopang'ono pa nkhope pawo.

"Madzi a m'injini, alamu. Ikatentha pa chitunda paja mumati ndizithiramo malovu?" Anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika pa boneti. "Ana anuwa ndi mbumba yanga. Ndingabe m'nkhokwe yanga yomwe?"

Ananyamuka wapansi. Mkazi wanga analowa m'nyumba.

Ndinapeza dalaivala wina. Ndinkakwera naye ulendo uliwonse, maso ali pa thanki, koma mizere inali inayi yomwe ija. Pa sabata yachitatu galimoto inakanika pa chitunda chija n'kuzima. Thirakitala ya munthu wina ndiyo inatikokera kwa makaniko pa boma, bambo wachikulire wosowa mano akutsogolo. Apa lamulo langa linalibenso ntchito. Anatsegula boneti yekha, ine nditaima pambali. Sanagwire sipanala n'komwe. Anaweramira pa paipi yolowetsa mpweya mu injini, n'kudula mphira umene unali pakamwa pake, n'kusolola chinthu cholimba ngati chikopa chouma.

"Madala, anaimanga pakamwa galimotoyi ndani?"

Ndinali ine. Chaka cham'mbuyo, poona fumbi la msewu wathu, ndinadula chitenje chakale cha mkazi wanga, n'kuchipinda kanayi, n'kuchimanga pamenepo ndi mphira wa chubu kuti fumbi lisalowe mu injini. Ndinachita mwachikondi. M'mawa uliwonse ndinkachiona, chitasanduka chofiira ndi dothi, n'kumati chikugwira ntchito yake.

Makaniko anachimenyetsa pa tayala, fumbi n'kuti buu. "Injini imapuma ngati inu nomwe," anatero. "Mpweya ukachepa imakoka petulo wambiri, koma sangapse yense. Ndi uja mumamuona akutuluka wakuda kumbuyo. Fyuluta ilimo kale m'katimu, ntchito yake ndi yomweyo. Inu munaiveka bulangete pamwamba pa jekete. Petulo wanu mwakhala mukumwaza mumsewu monse kuchokera ku Chiosya mpaka kuno."

Anaika fyuluta yatsopano, anapukuta mapulagi, ndipo galimoto inalira ngati mmene inkalirira tsiku limene ndinaigula. Pobwerera inakwera chitunda chija osadandaula. Dalaivala ankaimba mluzu. 

Chimene ndinayenera kuchita ndinkachidziwa. Ndinali nditaphunzitsa anthu a m'kalasi ya ubatizo zaka zambiri kuti munthu akakumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa, nsembe iyambe yadikira, iye athamange akayanjane naye. Kwa alamu unali mtunda woti munthu pa njinga amafika dzuwa lisanasunthe. Sindinapite. Sindinauze ngakhale mkazi wanga. Ndinangoti makaniko wakonza. Ndinati ndipita tikagulitsa mtedza. Titagulitsa ndinati ndipita ukapita Mgonero wa Ambuye, ndipo Mgonerowo ndinadya. Zoona zake n'zakuti ndinkafunafuna mawu opepesera amene angandisiyireko kaulemu pang'ono, ndipo mawu otero kulibe.

Nthawi yonseyo nkhani inali ikuyenda. Amuna awiri aja anali ndi pakamwa. Munthu amene mkulu wa mpingo ngati ine wamunena kuti ndi wakuba petulo, ndani angamupatse galimoto? Alamu anafunsira kwa eni malole, anafunsira kwa a chigayo, onse anawakana mwaulemu. Pomaliza anawoloka malire n'kukalowa ntchito pa famu ina kufupi ndi Chipata. Ndinamva kwa ana anga kuti apita. Ndinati akabwera pa Khirisimasi ndikawagwadira.

Mvula isanagwe inabwera foni. Alamu anadwala masiku atatu okha, n'kumwalira.

Thupi tinakalitenga pa malire ndi pikapu yomweyo. Pa maliro, bokosi lisananyamulidwe, anandipatsa mpata woti ndilankhule m'malo mwa mpingo. Ndinasiya zimene ndinakonza. Ndinanena za ndodo, za chigubu, za chitenje, ndi za miyezi inayi imene ndinakhala chete ndikudziwa choonadi. Ndinati munthu wagona apayu sanabepo kanthu kanga, wonama ndine. Anthu anaweramitsa mitu. Mkazi wanga ankamva zimenezi koyamba, pamodzi ndi mudzi wonse.

Tikuchokera kumanda, mkazi wa malemu anandiitanitsa. Anali atakhala pa mphasa, mawu atasasa ndi kulira. Ndinagwada patsogolo pawo.

"Mwalankhula bwino, aphunzitsi," anatero. "Ana amva, dzina la bambo awo layera. Zikomo. Koma iwo ankakudikirani. Njinga ikalira belu pa msewu ankadzuka n'kukasuzumira."

Atatero anatembenukira kwa amayi amene anakhala nawo.

Ndimakhulupirira kukhululukidwa kwa machimo. Ndimanena zimenezo Lamulungu lililonse, ndipo sindinena ndi pakamwa pokha: mwazi umene unakhetsedwa pa mtanda ndi wokwanira ngakhale kwa ine. Koma alamu anga anatsikira m'manda akudziwa kuti ndimawayesa mbala. Zoti wolakwa ndinali ine ndapempha Ambuye kuti akawauze okha, pakuti ine mpata wanga ndinautaya.