Mvula ya mu Juni

Ndinaganiza zochoka chaka chimene thonje linatikana. Msuweni wanga anali atandipezera malo pa famu ya mphesa ku Joni, kufupi ndi mzinda wa Kepi. Ndinasiya mkazi wanga, amake Tiyanjane, ndi ana atatu ku Kasenengwa, pa munda wathu wa katondo m'munsi mwa phiri, ndipo ndinakakwera basi ku Chipata.

Dziko limene ndinafikako linali lozondoka. Mu Disembala, pamene kwathu chimanga chimakhala chikumwa, kumeneko kunali ng'amba ndi chimphepo chouma. Mapiri ake analibe mitengo, koma tizitsamba tolimba masamba tofika m'chiuno. Nthaka yake inali mchenga ndi miyala, yoti kwathu sungaponyepo khasu, koma mphesa zinkakondwa nayo. Ndinalibe woti ndidabwe naye. Lamulungu ndinkangokhala pakhomo kuyang'ana mapiri aja.

Mu Juni mvula inayamba, yozizira, yosakata. Ife aganyu anatiimitsa, ndalama zotumiza kumudzi zinasowa. Ndinaimba foni kufotokoza.

"Mvula mu Juni?" anatero mkazi wanga. "Atate ake Tiyanjane, ine si mwana. Kuno fumbi lokhalokha. Ingonenani dzina la mayi amene akukudyeraniyo."

Ndinamutumizira chithunzi cha matope. Anati ndinajambula kale.

Nanenso ndinayamba kumukayikira. Chaka chachitatu anandiuza kuti dimba lauma, chitsime cha kudambo chaphwa, ndipo chimanga chikufiira ngakhale athire feteleza. Dambo lija silinaphwepo chibadwire changa. Mumtima ndinati, mwina feteleza akumugulitsa, kapena mlamu wanga walanda dimba ndipo akundibisira. Tinkalankhulana ngati anthu awiri ogulitsana mbuzi yodwala, aliyense kuyembekeza bodza la mnzake.

Ndinabwerera osauza munthu, kuti ndikawapeze asanakonze nkhani. Nditatsika njinga yamoto pamphambano, ndinayang'ana kuphiri n'kuima chilili. Mitengo ya mombo ndi masuku imene tinkatolamo bowa kunalibe. Kunali zitsa ndi mabala akuda a mauvuni a makala. Pakati pa munda wathu panadutsa chigwembe chakuya, katondo yense atakokoloka, patatsala nsangalabwi. Kudambo kunali mchenga wochokera kuphiri, achule ndi bango zitatha. Mphunzitsi wina wa pamudzi anandiuza pambuyo pake kuti mizu ya mitengo ndiyo inkamwetsa madzi pansi pang'onopang'ono, dambo n'kumakhala ndi moyo chilimwe chonse. Tsopano mvula ikagwa imangothamanga, itanyamula nthaka.

Mkazi wanga sananame. Komabe ndinkafuna woti ndimuloze chala. Nditafika pakhomo ndinamupeza mkazi wangayo akusenda mtedza, ndipo ndinamufunsa.

"Anadula mitengo ya kumtunda kwa munda wathu ndani? Achimwene anu?"

Anapitiriza kusenda mtedza osandiyang'ana.

"Mudzi wonse unadula. Koma ya kumtunda kwathu ndinadulitsa ndine. Miyezi imene munkangoti zii osatumiza ndalama ija, makala ndinkapita nawo kumsika wa Kapata. Ana akanadya chiyani?"

Ndinakhala pansi pakhonde. Tiyanjane anabwera ndi madzi akumwa m'kapu, ndipo ndinamufunsa kumene akutunga masiku ano. Anatchula mudzi wa kutsidya kwa msewu, kumene kale tinkangopitako kukakhala maliro.