Tsiku limene amayi anakwera mthuthuthu chofulatira

Mwamuna wanga anali ndi mthuthuthu wa ku Italy, ndipo ine ndinkautcha mkazi mnzanga. Amene anamusiyira ndi mzungu wina wokumba zitsime amene ankagwira naye ntchito, pamene ankabwerera kwawo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Unali wakale ndithu. Thanki yake yofiira inali itasuluka ndi dzuwa, nyali inali imodzi yozungulira, ndipo injini inkatuluka mbali zonse ziwiri ngati makutu a ng'ombe. Timithuthuthu ta alangizi a zaulimi tinkalira ngati udzudzu, koma uwu unali ndi mawu a mwamuna wamkulu. Ukamabwera kuchokera ku Rufunsa, tinkaumva usanatsike phiri la kuseri kwa mudzi wathu.

Unalinso ndi khalidwe lake. Sunkafuna kufulumizidwa. Pouliza umayenera kutsegula kampopi ka petulo, kudikira pang'ono, kenako n'kuponda chopondera mofatsa. Ukauponda mwaphuma unkakhuta petulo n'kungoti zii, ndipo pamenepo kaya unyengerere kaya utukwane, sunkayankha mpaka utafuna wokha. Nsanje ndinali nayo, sindibisa. Lamlungu tikachoka kutchalitchi, mwamuna wanga ankakhala pansi n'kumapukuta masipokosi a mawilo limodzilimodzi ndi sanza, chitseko cha kukhitchini kwanga chikulendewera pa hinje imodzi. Komabe tsiku limene anandinyamula koyamba kupita kumsika, azimayi ogulitsa tomato atatembenuka onse kundiyang'ana, ndinakhululuka zambiri.

Amayi anga tinabwera nawo kuchokera kum'mawa bambo anga atamwalira, ndipo tinawamangira kanyumba pabwalo pathu pomwepo. Iwo ndi mwamuna wanga ankasunga chipongozi monga momwe anachipezera. Sankadyera pamodzi, sankayang'anana m'maso, sankalankhulana mwachindunji. Akakumana panjira, amayi ankapatukira muudzu mpaka mkamwini wawo adutse. Mawu onse ankadzera mwa ine: “Uwauze amayi kuti mbuzi yawo yalowa m'munda,” “Uwauze apongozi kuti namva.” Sichinali chidani. Unali ulemu, ndipo onse awiri ankaunyadira.

Tsikulo inali nthawi yopalira chimanga, mvula itagwa usiku wake. Dzuwa lisanakwere kwenikweni ndinamva azimayi akuitana dzina langa kumunda, ndipo posakhalitsa anatulukira atanyamula amayi. Njoka ya mphiri inali itawaluma pamwamba pa kakolo. Anawagoneka pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ndipo mwendo unali utayamba kale kutupa. Ndinaukhudza ndi chala, unali wotentha ndi wolimba.

Chipatala cha mishoni ku Mpanshya chinali kutali ndi ife. Kuyenda mpaka pamsewu wa tala kukadikira minibasi kunali kuyesa mwayi, chifukwa masiku amenewo ukanatha kukhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Ngolo ya ng'ombe ikanafika ndi mtembo. Panatsala mthuthuthu basi. Mwamuna wanga anautulutsa m'khumbi, naima kuseri kwa nkhokwe atatembenukira kumbali.

“Uwauze amayi kuti tiyende manje manje, tisachedwe,” anatero.

Amayi anamva okha, koma anadikira kuti ndibwereze. Kenako anapukusa mutu. “Uwauze apongozi kuti zikomo, koma sinikwera. Ine nigwire m'chiuno mwa mkamwini wanga? Chifuwa changa pamsana pawo? Bola nifere pano.”

Ndikanakhala pakati pawo zikanatheka, koma ndinali ndi pakati pa miyezi yothera, ndipo mpando wa mthuthuthuwo unali waufupi, wokwana anthu awiri movutikira. Ndinathamanga kuchoka pamphasa kupita kunkhokwe, kuchoka kunkhokwe kubwerera pamphasa, kunyamula mawu a anthu awiri amene ankamvana bwinobwino. Ndinakwiya nawo onse. Azimayi aja ananyengerera amayi kuti pa matenda palibe manyazi, koma iwo anangoluma mano, thukuta likutsika m'khosi. Kutupa kunali kukukwera kulowera kubondo, ndipo ndinkaona ndi maso anga kuti mayi wanga afa chifukwa cha ulemu.

Amayi anauyang'ana mthuthuthuwo nthawi yaitali. Ndiye anafunsa motsitsa mawu, “Kodi chinthuchi chimakana munthu wokhala chofulatira?”

Palibe amene anali ataganizapo zimenezo. Msana kwa msana, thumba lopinda pakati, osayang'anana, osagwirana. Azimayi anamasula zitenje zawo zapamwamba kuti tiwamangire pamodzi. Mwamuna wanga analumphira pa mthuthuthu, ndipo apa ndi pamene mantha anamulakwitsa. Munthu amene ankandiphunzitsa kuti chinthuchi sichifuna phuma anachiponda mwaphuma. Chinatsokomola kamodzi. Anapondanso, n'kupondanso mwamphamvu, mpaka fungo la petulo linadzaza pabwalo. Chinali chitakhuta.

Anatsika, natseka kampopi, naika dzanja pa thanki, n'kungoima. Ndinamufunsa kuti akudikira chiyani, ndipo anayankha kuti, “Ukapitiliza kuponda, sizalila lelo, mpaka mailo. Tiyembekeze chabe.” Sindinaonepo kudikira kowawa ngati kumene kuja. Nkhuku zinkatola zakudya pabwalo ngati palibe kanthu. Amayi anali atayamba kupuma mofulumira. Ndinayang'ana khasu limene linali pafupi, ndipo ndinalakalaka kuphwanya nyali yozungulira ija. Mumtima ndinkati, iwe mkazi mnzanga, wandilanda mwamuna masabata onsewa, lero ukufuna undilandenso mayi.

Kenako anakweranso, napuma mpweya, n'kuponda mofatsa ngati m'mawa wa Lamlungu. Unadzigwedeza cham'mbali monga unkachitira nthawi zonse, n'kuyamba kulira ndi mawu ake aakulu aja.

Tinawanyamula amayi n'kuwakhazika atafulatira, mwendo wolumidwawo titausanjika pa kathabwa kamene tinamangirira kumbuyo. Anatsinzina pamene msana wawo unatsamira thumba lija. Tinakulunga zitenje m'chiuno ndi m'chifuwa mwa onse awiri, n'kumanga mfundo zolimba. Atanyamuka, ndinazindikira chinthu chimene sindinachikonzekere. Popeza amayi anakhala chofulatira, nkhope yawo inali kwa ine njira yonse. Anatsegula maso, nandiyang'ana, akucheperachepera mpaka analowa m'mitengo. Sanakweze dzanja. Ndinaganiza kuti mwina ndiwo mapeto a kuwaona amoyo.

Njira imeneyo ndinkaidziwa ndi makutu. Ndinaima kumapeto kwa bwalo n'kumamvetsera. Phokoso linadutsa minda, linatsetsereka kulowera kumtsinje, kenako linazimiririka. Nthawi zonse linkazimiririka pamenepo chifukwa cha chigwa, koma tsikulo mtsinje unali ndi madzi a mvula ya usiku, ndipo mthuthuthu uja unkadana ndi madzi monga unkadanirana ndi phuma. Ukanazima pakati pa mtsinje, ndani akanauliza, munthu atamangidwa ndi wodwala kumsana? Ndinagwira mimba yanga ndi manja onse awiri. Mayi wina anayamba kundilankhula, ndinamuletsa ndi dzanja. Ndinamva njiwa, ndinamva mwana akulira kumudzi wina, ndinamva mtima wanga. Ndiye patali, mofooka poyamba, mawu aja anatulukanso akukwera chitunda cha kutsidya.

Ndinatsatira masana, wapansi mpaka pa tala, kenako pa lole ya makala imene inandimvera chisoni. Ku Mpanshya chinthu choyamba kuchiona chinali mthuthuthu utaima pamthunzi, matope mpaka pa thanki. Mwamuna wanga anali atakhala pambali pake, chitenje chimodzi chikadali m'chiuno mwake, ataiwala kuchimasula. Ananena kuti amayi ali moyo, ndipo anamwino akuti tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Ndinakhala pansi pomwepo.

Anandiuza kuti atawoloka mtsinje, anamva mutu wa amayi ukulemera paphewa pake, thupi likupendekera kumbali. Anadziwa kuti akukomoka. Ine kunalibe kuti anditume. Choncho anawerama pang'ono n'kufuulira thanki: “Iwe mthuthuthu, uwauze amayi kuti asagone!” Kenako kumbuyo kwake kunamveka mawu ofooka: “Uwauze apongozi kuti nili maso. Ayang'ane njira.” Anayenda motero mpaka pachipata cha chipatala, iye akuutuma, iwo akuutuma. Mthuthuthuwo unawafunsa za mbuzi zawo, za chimanga, za mudzi wawo wakale kum'mawa, ndipo iwo ankayankha chilichonse. Pa zaka zonse za ukwati wathu, anthu awiriwo anali asanachezepo nthawi yaitali chotero.

Amayi anakhala m'chipatala mpaka chimanga chinakhwima, ndipo anabwera akutsimphina, koma ndi miyendo yonse iwiri. Chipongozi sichinasinthe. Akakumana panjira ankapatukirabe muudzu, ndodo yawo m'manja. Chimene chinasintha n'chakuti anandiletsa kuutcha mthuthuthuwo mkazi mnzanga. Anati wamthenga sanyozedwa.

Mantha a tsiku lija sanandichoke. Mwamuna wanga akachedwa ku Rufunsa, ndinkasiya ntchito n'kukaima kumapeto kwa bwalo, ndipo nthawi zambiri ndinkapeza amayi atakhala kale pakhomo pawo, atapendeketsa mutu. Phokoso likazimiririka pamtsinje paja, tonse tinkatchera khutu osayang'anana. Iwo ndiwo ankayamba kulimva likutulukanso. Ankati, “Awoloka,” n'kudzuka msanga kulowa m'nyumba mwawo kuti mkamwini asawapeze panja.