Mathalauzi Awiri a Amalume

Kunyumba kwathu ku Sheffield kunali chimbale cha DVD chong'aluka chikuto, chimene amalume anatola m'sitolo ya kaunjika ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Munali timakanema takalekale ta azungu, toseketsa, topanda mawu, topandanso mitundu. Kalikonse kanapangidwa potengera nyimbo imene inatchuka masiku amenewo, koma nyimbozo ife sitinkazidziwa. Chinkangomveka ndi limba lolira ngati lagwidwa chimfine.

Nyengo yozizira imeneyo amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkapeza amalume. Iwo ankadikira yankho la boma, loti akhala kapena abwezedwa kumudzi, ndipo sankaloledwa kugwira ntchito. Munthu wamkulu, wamphamvu zake, kumangoswera kuyang'ana mvula pazenera! Chizungu chawo anthu a m'basi sankachimva, ankangowabwezera "pardon" kuti abwereze.

Koma tikayatsa kanemayo ankasanduka munthu wina. "Awa ndiye azungu abwino," ankatero, "safunsa mafunso." Tinkakonda kakanema ka mkulu wina wonenepa wofunsira mwana wa wophika buledi, amene akati avule chipewa kupereka ulemu ankagwera m'thumba la ufa. Amalume anapeka nyimbo yawoyawo m'Chichewa, ya mkamwini amene anamera imvi asanakwatire, akumenya tebulo lositira ngati ng'oma. Zenera lili nthunzi yokhayokha, m'nyumba mukununkha masokosi onyowa oyanika pa hita, ine ndikuseka mpaka kutsamwa. Tsiku lina amayi anamva limbalo n'kunena kuti gogo wina wachizungu kuntchito kwawo, amene anaiwala ngakhale mayina a ana ake, amaimba nyimbo yomweyo osaphonya liwu, ndipo mawu ake ndi ena. Amalume anati gogoyo ndiye akulakwitsa.

Ndimawasowa amalume, ndisaname.

Masiku ena m'mawa ankapita kukasaina ku ofesi yoona za olowa ndi kutuluka m'dziko. Tsiku limene sanabwerere kunalibe sukulu, choncho ndinawaona akuvala: thalauzi pamwamba pa thalauzi linzake, malaya angapo, juzi, jekete, mswachi m'thumba. Anatupa ngati mkulu wa m'kanemayo, ndipo ine ndinafa nalo phwete. Atandiona anayamba kuyenda modzandira, kuwerama, kuvula chipewa, kudzigwetsa pampando, osatulutsa ndi liwu lomwe. Amayi anaima pakhomo la khitchini, osaseka.

"Achimwene, basi ikusiyani," anatero.

Ndinawaombera m'manja mpaka anatsika masitepe onse. Ndinkayesa avalira ine, kuti ndiseke. Sindinkadziwa kuti wopita kukasaina amavala zonse zimene akufuna kutsala nazo, chifukwa akamugwira komweko samulola kubwerera kunyumba kudzatenga kanthu, ngakhale kudzatsanzika mwana.