Khadi Linafika kwa Amalume Ife Tisanafike

Ndinalakwa, ndipo kulakwako ndinakuchita ndi chala chimodzi, uku ndikumwetulira. Lero kunyumba kwathu nkhaniyi timaiseka, koma kwa masabata awiri chinkhoswe cha achemwali anga chinatsala pang'ono kulephereka chifukwa cha ine. Inu owerenga, makamaka anzanga amene mumakonda kuponya zinthu pa intaneti, ndimvereni.

Ndine mtsikana wa Folomu 3. Timakhala m'nyumba za kampani ku esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, komwe mayi amathyola tiyi ndipo bambo amagwira ntchito kufakitale. Kusukulu kwathu kuli kalabu ya makompyuta. Kumeneko ndi komwe ine ndi mnzanga Tadala tinaphunzira kukonza makhadi, kulumikiza tizidutswa ta kanema, ndi kupanga tsamba la pa intaneti. Patchuthi tinagwirizana zoyamba kabizinesi kathu. Likulu lake linali pakhonde kwawo kwa Tadala, chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki imagwira munthu osakwera pachulu. Katundu wathu yense anali foni imodzi yosweka galasi pakona, ndi kansungwi komangirirapo foniyo pojambula. Tadala ankajambula kanema, ine ndinkakonza maonekedwe a zinthu ndi kulemba patsamba. M'kope langa lomwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku ndinadzitcha "mkulu wa kampani", ndipo ndinadula mizere iwiri kunsi kwake.

Patsambalo tinkaikapo chilichonse chimene chatisangalatsa: kanema wa nkhungu ikutsika m'phiri, maganizo anga pa mafilimu amene taonera, ngakhale malangizo a kasankhidwe ka mitundu yogwirizana. Tinkaseka tsiku lonse. Vuto linali limodzi lokha, palibe ankatipatsa ntchito. Aliyense ankafunsa kuti zimene tinakonzerapo anthu zili kuti, ife n'kumangoyang'anana.

Tsiku lina achemwali anga a Esinati anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundinong'oneza kuti iwo ndi a Limbani, oyendetsa thirakitala ku esiteti konkuno, agwirizana zomanga banja, ndipo akufuna chinkhoswe mu Disembala. Anandipempha ndiwakonzere khadi loitanira anthu, longoyeserera, aone mmene lingaonekere. Anandiuza kuti likhale mufoni momwemo. Mawu amenewa ndinawamva bwinobwino, sindinganame.

Khadilo ndinalikonza masiku atatu. Ndinaika mtundu wobiriwira ngati nsonga za tiyi mvula itangogwa, malemba agolide, ndi tinkhuku tiwiri, tambala ndi thadzi. Kumunsi ndinalemba dzina la ankhoswe a kuchikazi. Sindinafunse munthu, chifukwa yankho linali lodziwikiratu. Kwathu kuno mwini mbumba ndi malume, ndipo ife tili ndi amalume amodzi okha, mlongo wawo wa mayi, telala wa pamsika wa Thuchila.

Litatha, khadi lija linakongola moti mtima wanga sunalole kuti likhale mumdima. Ndinadziuza kuti tsamba lathu amaliona ndi anzathu a kusukulu basi. Tadala anafunsa ngati achemwali avomera, ine ndinati adzachita kundithokoza. Ndinadina.

Abale anga, linayenda khadi lija! Anthu analitenga patsamba n'kumatumizirana m'magulu a pafoni. Pofika mawa lake amayi awiri anali atatifunsa kale kuti tiwakonzere awo. Ine ndi Tadala tinavina pakhonde mpaka nkhuku zinathawa. M'kope muja ndinalemba kuti kampani yadzuka.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti a kuchimuna anali asanapite kwa amalume kukafunsira. Mwambo wake mukuudziwa. Malume a mnyamata amapita kwa malume a mtsikana, amakhala pansi, amanena chimene abwerera. Enawo amadabwa ngati sakudziwa kanthu, n'kuwauza kuti abwerenso tsiku lina, ayambe afunsa mbumba yawo, ngakhale yankho ali nalo kale m'thumba. Ine ndinkaona ngati zonsezi n'zochedwetsa chabe. Sindinadziwe kuti ulemu wa munthu umakhala m'kuchedwa komweko.

Amalume anamva nkhaniyi kwa mayi wina amene anabwera kudzayesa diresi. Mayiyo anawaonetsa foni, anawayamikira, n'kufunsa ngati yunifomu ya pachinkhoswe adzasoka okha. Akuti amalume anali ndi mapini pakamwa, ndipo anatsala pang'ono kumeza imodzi. Masana omwewo anaimbira foni mayi anga, ine ndili pompo ndikutsuka mbale.

"Achemwali, ndamva kuti kwanuko ukwati wamanga ndi foni. Zili bwino. Anawo akadzayambana, adzaitane foniyo idzaweruze."

Loweruka lotsatira malume awo a a Limbani anapita ku Thuchila atavala jekete. Amalume sanaimitse n'komwe makina. Anangoti asavutike kufotokoza, iwo anawerenga kale. Alendo anabwerera ali manyazi okhaokha. Popanda nkhoswe palibe chinkhoswe, ndipo kutchalitchi sangalembetse ukwati. Achemwali sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Ankangondidutsa ngati akudutsa mtengo. Khadi ndinalichotsa patsamba, koma linali kale m'mafoni a anthu, moti mnzanga wina wa m'kalasi ananditumizira ine ndemwe, akuti ndione kukongola kwake.

Mayi anati wataya madzi ndiye akolope. Tinagwira tambala, tinakwera minibasi ya ku Thuchila. Njira yonse tambalayo ankandiyang'ana ngati nayenso akudziwa mlandu wanga. Titafika ndinagwada pakhomo pa shopu, anthu a mumsika akuona, n'kupepesa. Amalume analandira tambala, anamumangirira kumwendo wa makina, n'kuuza mayi kuti apite akagule zawo, mkulu wa kampani atsale. Sindikudziwa anawauza ndani za udindo wangawo, koma ndikukayikira achemwali, chifukwa kope langa ndimalibisa pansi pa matiresi amene timagonapo tonse.

Anandipatsa mulu wa malaya a sukulu kuti ndisokerere mabatani. Ndinasoka mpaka zala zinatupa, iwo akupalasa makina awo. Dzuwa litapendeka anakoka sutikesi pansi pa tebulo kuti atengemo ulusi, ndipo ndinaona diresi laukwati lokulungidwa m'nsalu yoyera. Sindinaonepo chovala chokongola chotero. Pakamwa panga panathamanga kuposa nzeru, ndinawafunsa chifukwa chake salipachika panja kuti msika wonse udziwe luso lawo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwanawe, nsaluyi ndi ya mwini, tsiku lake ndi la mwini. Changa ndi luso lokha. Akadzavala mwini wake, anthu adzafunsa okha kuti anasoka ndani."

Ndinazyolika. Ndinazindikira kuti ndinapachika panja diresi la achemwali anga, iwo asanavale. Kenako amalume anati palinso mlandu wina waukulu pa khadi lija. Anati dzina lawo ndinalilemba laling'ono ngati nyerere, ndiponso pansi pa nkhuku. Kodi mwini mbumba angakhale pansi pa nkhuku? Ndinafuna kudzigwira koma kuseka kunandipulumuka, nawonso anaseka mpaka kutsokomola. Atatha anatulutsa m'sutikesi muja mpukutu wa chitenje, chobiriwira, cha maluwa agolide. Anati anachigula tsiku lomwe anaona khadi, chifukwa mitundu ija inagwirizana, ndipo sakanalola telala wina kusoka yunifomu ya mbumba yawo. Inu owerenga, masabata awiri onse amene ife tinkasowa mtendere, nsalu ya chinkhoswe inali kale pansi pa tebulo!

Komabe sanatimasule chabe. Analamula kuti a kuchimuna abwerenso ngati palibe chinachitika. Anabweradi, ndipo amalume anadabwa mwaulemu wonse, anafunsa kuti mtsikana wake ndi uti, n'kuwauza kuti abwerenso Loweruka linalo. Atavomera m'pamene anandilola kutulutsanso khadi, dzina lawo lili pamwamba pa nkhuku. Anafunanso kuti kampani yathu ijambule kanema wa shopu yawo aikidwe patsamba. Tinajambula kasanu ndi kawiri, chifukwa nthawi iliyonse ankati tepi yoyezera sinakhale bwino m'khosi.

Chinkhoswe chinachitika, ndipo chinali chokoma. Anthu anavina tchopa mpaka fumbi linakwera kuposa madenga. Itafika nthawi yobweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuti a kuchimuna aloze wawo, amalume analamula kuti woyamba kufunditsidwa ndikhale ine. Anandiyendetsa pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo. Malume awo a a Limbani anavundukula chitenje, anandiyang'anitsitsa, n'kupukusa mutu.

"Uyu ayi. Uyu ndi wa foni uja."

Bwalo lonse linagwa nako kuseka. Pambuyo pake achemwali anandikumbatira, misozi ya kuseka ili m'masaya, n'kunditsina khutu pang'ono. Tadala anajambula zonse.

Tsono anzanga, phunzirani makompyuta, yambani timabizinesi tanu, musaope. Ife tsopano tili ndi ntchito moti ena timawauza adikire titseke sukulu. Koma dziwani kuti chinthu chikakongola m'manja mwanu sindiye kuti chasanduka chanu. Musanadine, funsani mwini wake, ndipo funsaninso ngati onse oyenera kumva ndi makutu amva kale. Nkhani ina imafuna munthu akwere minibasi, akhale pansi, aitule ndi pakamwa. Ine ndinachita mwayi kuti amalume anga ndi munthu wanthabwala. Ena sakhululuka ndi tambala mmodzi, ndipo chimene chalowa m'mafoni a anthu simungachikolope.

Kanema wa chinkhoswe tinamumaliza sabata yatha. Ndi wokongola kuposa chilichonse chimene tinakonzapo, koma akadali mufoni. Achemwali ndi alamu avomera kale. Amalume ati ayambe amuonera kawiri, aone ngati anavina bwino. Chala changa chija chikuyabwa tsiku lililonse, koma ndachikhalira.