Chitseko cha Helikopita ya Mai Rudo

Ntchito yanga yoyamba ku Mutare ndinaipeza chifukwa cha geti ya malume. Nditangofika kuchokera ku Dedza, ndinkangokhala kwawo ku Dangamvura manja ali lende, ndiye tsiku lina ndinatenga penti wotsala n'kupaka getiyo, n'kulembapo nambala ya nyumba. Mnzawo wina amene ankagwira naye ntchito ku njanji kale, mdala Mbewe, anaima pagetipo n'kuiyang'anitsitsa nambalayo. Atamva kuti walemba ndine, anati ndikafike ku Paulington Lolemba.

Mdala Mbewe anabadwira konkuno, makolo ake ndiwo anachokera ku Malawi. Anali ndi kashedi kamalata kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, momwe ankalemba zikwangwani ndi kupanga tinyumba ndi timagalimoto tating'ono toti masukulu aziphunzitsira. Tsiku loyamba lomwe anandiuza lamulo lake. "Pano, mfana, ukawononga chinthu cha kasitomala sindikalipa. Ndimangokutsegulira geti." Amene ndinalowa m'malo mwake anachoka choncho.

Anandiphunzitsa kudula tizidutswa ta pulasitiki ndi kapulayala, kupala m'mphepete ndi lezala, kusalaza ndi sandipepa, ndi kusungunula penti ndi thina mpaka akhale ngati mkaka asanalowe m'kamfuti kopopera. Guluu wathu anali wamadzimadzi, wodontheza ndi kaburashi. Guluu ameneyu samangomata ayi, amasungunula pulasitiki mbali zonse ziwiri n'kuzisandutsa chinthu chimodzi. Kupenta mdala ankakutcha kuvala. Chinthu chikauma penti ankati, "Manje chavala."

Vuto langa linali matama. Anyamata owotcherera aja ankandiseka kalankhulidwe, akandiona n'kumakuwa kuti "Achimwene!" Kuno limeneli ndi dzina lonyozera Amalawi. Zinkandipweteka kwambiri, moti ndinalumbira kuti palibe adzandione ndikufunsa tanthauzo la mawu. Munthu akalankhula Chishona ndinkangogwedeza mutu ngati ndamva, chonsecho theka landidutsa.

Mvula ili pakati, kunabwera mayi wina wovala zakuda, dzina lake Mai Rudo. Ananyamula bokosi la helikopita yopulumutsa anthu, yaing'ono yapulasitiki yomanga wekha, imene mlongo wawo anawagulira ku Joni. Inali imodzi yokha, ndipo m'tauni monse simukanapeza ina. Anagwirizana ndi mdala kuti ikhale yoyera ndi yofiira, koma sananene kuti ndi ya chiyani. Sanamwetulire, sanakhale pansi. Atatuluka, mdala anandipatsa bokosilo n'kunena kuti, "Iyi si chidole. Wawaona maso?"

M'mawa mwake mdala atapita kukagula thina, mayi aja anabweranso. Anaika chala pa chithunzi cha pabokosi, pa chitseko chachikulu cha m'mbali, n'kunena kuti, "Apa musavhare." Anabwereza kawiri akundiyang'ana m'maso. Ine khutu langa lachichewa linamva kuti "apa musavale". Ndinakumbukira kalankhulidwe ka mdala, mumtima n'kuti akufuna chitsekocho chisavale penti. Zinandidabwitsa, koma ndinagwedeza mutu. Mdala atabwera sindinamuuze kanthu. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndi manja awiri.

Ndinaigwira masabata awiri. Ndinayamba ndi m'kati, kupenta mipando, machira ogonekapo wovulala ndi kachingwe kokokera anthu. Kenako ndinaphatikiza mbali ziwiri za thupi, kuzimanga ndi malamba a labala mpaka guluu atagwira, n'kusalaza msoko. Chitseko chija ndinachilowetsa m'malo mwake n'kuyendetsa guluu kuzungulira konse, mosamala ngati ndikufuna mphotho. Ndinaphimba magalasi ndi tepi, chitsekonso ndinachiphimba, n'kupopera penti woyera, kenako wofiira. Mdala ankadutsa n'kuona tepiyo, koma ankaganiza kuti ndikusungira mtundu wina.

Tsiku loti adzatenge, kunacha ndi mitambo yakuda itatsamira mapiri a Vumba. Magetsi anali atazima. Ndinali nditangomata mapiko a pamwamba ndi kuchotsa tepi yomaliza pamene Mai Rudo analowa, nthawi isanakwane, mdala asanaione n'komwe. Helikopita inali patebulo ikuwala, chitseko chake chotuwa chili chotseka ndithu.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analankhula Chichewa, ine osadziwa kuti amachitha.

"Inunso mwatseka."

Anakhala pa chigubu cha penti n'kuyamba kufotokoza ndi mawu otsika, osayang'ana aliyense. Amuna awo anali mwana wa anthu a ku Malawi ogwira ntchito m'mafamu, ndipo mafamu atagawidwa banjalo linakapeza kamunda ku Chimanimani. Chaka china chimvula chanamondwe chimene chinagumula mapiri chinawapeza kumeneko. Anakhala pamwala, madzi mbali zonse, mpaka kunabwera helikopita. Inanyamula amayi ndi ana, amuna awo ndi abambo ena n'kuuzidwa kuti adikire ulendo wachiwiri. "Ndinawaona komaliza chitseko chikutsekedwa," anatero. "Pobwerera mwala unali utamira. Manda tilibe. Ndimafuna kanthu koika m'nyumba, koma kotsegula."

Mdala anandifunsa ngati mayiwo anandiuzapo kanthu za chitsekocho. Nditabwereza mawu awo a tsiku lija, anatsinzina. "Kuvhara ndi kutseka, mfana. Si kuvala." Sanakalipe, ndipo ndicho chinandiopsa. Ndinayang'ana kugeti. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, osati chifukwa cha ntchito yokha ayi, koma kuti mayi amene anandipempha chinthu chimodzi ndinawatsekera amuna awo kunja kachiwiri.

Ndinatola lezala, mdala n'kundigwira dzanja. Anati pulasitiki wagwirana, ndikakanikiza thupi lonse ling'aluka mpaka kugalasi lakutsogolo. Njira inali imodzi, kuboola kabowo pakona n'kucheka ndi ulusi. M'shedi munalibe ulusi. Mai Rudo anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa ulusi wakuda, womwe ankasokera zovala zawo zamaliro, n'kuuika patebulo.

"Wamata ndiwe, ucheka ndiwe," anatero mdala.

Tinakokera tebulo pakhomo kuti tione bwino. Mdala anagwira helikopita ndi nsalu yofewa. Ndinaboola pakona ndi kabowolero kochepa ngati singano, n'kuboolanso kena pafupi, kulowetsa ulusi pa loyamba n'kuutulutsa pa lachiwiri, n'kuyamba kukoka uku ndi uku motsatira mzere wa chitseko. Ulusi umadya pulasitiki pang'onopang'ono, ukafulumira umatentha n'kupatuka panjira. Mvula inayamba kumenya malata moti sitinkamvana. Mai Rudo anaimirira n'kuyang'ana kumapiri. Ulusi unaduka kawiri. Pakona yachitatu ndinamva kaphokoso kakuti "tswa", n'kusiya kukoka. Kamng'alu kanali katayamba kulowera ku zenera. Mdala anadontheza guluu ndi nsonga ya singano, natiuza kuti tisapume n'komwe. Tinadikira. Kamng'aluko sikanapitirire.

Dzuwa litapendeka, chitseko chinagwera m'dzanja langa. Ndinasalaza m'mphepete, ndinachipaka chofiira ndi burashi, ndipo chitauma ndinachimata chakumbuyo, mmene chimakhalira akachikankha kuti anthu akwere. Mai Rudo anawerama n'kusuzumira m'kati. Analowetsa chala chaching'ono mpaka kukhudza mpando wapakhomo.

"Apa amuna anga akwana," anatero.

Ndinaika helikopita m'katoni, n'kutenga chivindikiro kuti isanyowe popita kukakwera kombi. Anandigwira mkono.

"Musavhare."

Ulendo uno ndinamva. Anatuluka katoni ili yotsegula, ataiphimba ndi ambulera, iwo mvula ikuwakhapa pamsana.

Mdala sananditsegulire geti. Anangoti mawa ndilawire, pali chikwangwani cha butchala. Pano ndili ndi kashedi kanga, ndipo kasitomala aliyense akanena chimene akufuna, ndimabwereza m'mawu anga mpaka avomere, kaya andiseke kuti Achimwene samva. Ulusi uja Mai Rudo anauiwala patebulo, ndipo sanabwerenso kudzautenga. Ndimausunga m'kabati ya malezala.