Lettie Mhango ndi Kiyi wa Nambala Wani

Lettie Mhango anagwira ntchito zaka khumi pa loji ya Bambo Hudson ku Geisha. Zisanu ndi chimodzi mwa zaka zimenezo tinali limodzi, iye ali pa risepushoni, ine ndikuyala mabedi. Choncho izi si zongomva ayi. Tsiku limene anachoka ndinalipo, ndipo chitseko chimene chinamuchotsa ntchito ndinatsegula ndine.

Anabadwira ku Chibanja, mwana wachitatu wa kalipentala. Sukulu analekezera Fomu 2 bambo ake atamwalira. Yunivesite itatsegulidwa ku Luwinga, Mzuzu anayamba kusefukira alendo: makolo operekeza ana, aphunzitsi ofuna malo, ndi a boma ndi misonkhano yawo yosatha ija. Bambo Hudson, amene anapata ndi malonda a matabwa, anasandutsa nyumba yawo yosanja kukhala loji. Anadzala kapinga, n'kuika mipando pansi pa mitengo ya paini kuti mlendo azimva ngati ali patchuthi. Lettie anayamba ngati wochapa. Amene sanachapepo mashiti ku Mzuzu mwezi wa Juni sadziwa kuti kuzizira n'chiyani. Shiti imatha masiku atatu pachingwe isanaume, ndipo manja a Lettie anang'ambika ngati zidendene.

Chinamukweza ndi pakamwa. Tsiku lina mtsikana wa pa risepushoni sanabwere, Lettie n'kuimapo epuloni ili yonyowa. Wa ku Rumphi anamulonjera m'Chitumbuka, wa ku Zomba m'Chichewa, mzungu m'Chingelezi chothyokathyoka koma chaulemu. Bambo Hudson anaona zonsezo ali pazenera, ndipo Lettie sanabwererenso ku mabeseni.

Pa lojipo panali chipinda chimodzi chimene tonse tinkachiopa, Nambala Wani. Chinali pansi, popanda sitepe ngakhale imodzi. Chinali ndi bafa lakelake la madzi otentha, kapeti, ketulo, bedi loti n'kugonapo banja lonse, ndi dengu la nthochi ndi mapeyala limene ndinkadzaza ineyo. Kudula kwake kunkachititsa kuti masiku ambiri chizikhala chopanda munthu. Ndiye Bambo Hudson anaika lamulo: ikakwana folo koloko chipindacho chilibe mwini, Lettie angathe kusamutsiramo mlendo aliyense wa chipinda wamba, osawonjezera kalikonse, kuti akatamande loji kwa anzake.

Lettie anawonjezerapo lamulo lake. Wopempha sankapatsidwa. Ankayang'ana mmene munthu walowera pageti, ngati wapereka moni kwa mlonda kapena wangomudutsa ngati chitsa. "Mphatso ikapemphedwa yasanduka msonkho," ankatero. Ine ndinkamuseka kuti akuweruza anthu ngati Mulungu, iye n'kumati Mulungu amayang'ana mtima, iye akungoyang'ana moni.

Pa zaka zonsezo analakwitsa kamodzi, ndipo kulakwitsako dzina lake linali Bambo Whyte.

Bambo Whyte anali mkulu mu ofesi ina ya boma ku Lilongwe, ndipo ankabwera pafupipafupi kudzachititsa misonkhano. Ulendo woyamba anafika mvula ikugwa, atanyowa, atanyamula okha chikwama, n'kupereka moni kwa mlonda ndi manja awiri. Lettie anawapatsa Nambala Wani. Anathokoza mpaka kuomba m'manja. Ulendo wachiwiri anapempha moseka, ndipo poti anali atabweretsa anthu makumi awiri a msonkhano, Bambo Hudson anamutsinzinira Lettie diso. Ulendo wachitatu sanapemphe. Anangotambasula dzanja n'kunena kuti, "Kiyi wa chipinda changa."

Kuyambira pamenepo ankasungitsa chipinda wamba koma n'kumagona mu Nambala Wani. Pochoka ankasesa timasopo tonse, masamba a tiyi, shuga, nthawi zina ndi kathawulo komwe. Mapeyala akakhala osapsa ankandiitanitsa kuti ndifotokoze. Amati mlendo ndi mame, koma awa anali mame osakamuka ngakhale dzuwa lifike pamutu. Ndinkadana nawo, ndisaname, koma ndinkawamwetulira ngati wina aliyense.

Ndiye inafika sabata yoti ana a yunivesite alandire madigiri. Sabata imeneyo ku Mzuzu kulibe pogona. Ngakhale ana asukulu a ku Luwinga amabwereketsa timazipinda tawo kwa makolo a anzawo. Nambala Wani inali yosungidwira mphunzitsi wina wochokera kunja, koma Lachinayi masana anatumiza uthenga kuti sabweranso.

Madzulo a tsiku lomwelo panafika banja lochokera ku Dedza, Bambo Siyani ndi akazi awo Mayi Nelia. Mwana wawo Thokozani, amene ankalandira digiri ya uphunzitsi mawa lake, anali atawasungitsira Nambala 14 masiku awiri. Chimenecho chinali chipinda chotsika mtengo kwambiri, cha pamwamba, bafa lake logawana. Bambo Siyani anali atafa mbali imodzi chifukwa cha sitiroko. Ankakoka mwendo, mkono wamanja uli lende. Mayi Nelia analonjera mlonda, analonjera ine, analonjera ndi wodula kapinga amene anali kutali. Atafika pa masitepe anaika katundu pansi, anamasula chitenje, n'kuwerama.

"Kwerani, abambo ake a Thoko," anatero.

Ine ndinaima ndi tsache m'manja, pakamwa pali yasa. Mayi wa imvi ankafuna kubereka mwamuna wake masitepe khumi ndi asanu, ndipo mmene anaweramira zinkaoneka kuti si koyamba.

Lettie anatuluka kuseri kwa kauntala. "Amama, imani pachoko. Kumwambako madzi akuvuta. Mugona kuno." Madzi sankavuta. Anangofuna kuti mayiwo asachite manyazi.

Atatsegula Nambala Wani, Mayi Nelia anabwerera m'mbuyo. "Mayi, ife sitingakwanitse muno."

"Palibe chowonjezera, amama. Ndi mphatso ya pakhomo pano."

"Sitinazolowere zotere."

"Lero muzolowera. Madzi otentha ndi awa, tiyi ndi uyu, nthochi izi ndi zanu."

Bambo Siyani anayesa kulankhula koma mawu sanatuluke bwino. Anangovula chipewa ndi dzanja lamoyolo.

Lachisanu m'mawa banjalo linalawirira ku yunivesite. Cha m'ma teni koloko galimoto ya boma inalowa pageti, mlonda n'kudumphira pambali. Bambo Whyte anali atabwerera mwambo womwewo, mwana wa mlongo wawo ankalandiranso digiri. Anali atasungitsa Nambala Sikisi. Anatambasula dzanja monga mwa masiku onse.

"Mu Wani muli alendo, bwana," anatero Lettie. "Nambala Sikisi ndi yokonzeka."

"Alendo ake ati? M'chipinda changa?"

"Makolo a mwana wa yunivesite. Adada ake ndi odwala, sangakwere masitepe."

"Ndiye apite ku Sikisi."

"Sikisi nayo ili pamwamba, bwana."

"Zimenezo si za ine. Zaka zonsezi ndimagona mu Wani. Aliyense pano akudziwa."

Lettie anawayang'ana, n'kuyankha motsitsa mawu. "Chipinda chija si chanu, adada. Ine ndinkangokupatsani."

Palibe amene anali atawauzapo zimenezo. Bambo Whyte sanakalipe. Anatulutsa foni, anaimbira Bambo Hudson amene anali ku matabwa awo, analankhula za misonkhano itatu ya mwezi wamawa imene angathe kuisamutsira kwina, kenako anapatsira Lettie foniyo. Ndinamva Lettie akunena katatu konse kuti, "Yayi, bwana." Kenako foni inabwera kwa ine.

"Rejoice," anatero Bambo Hudson, "iwe uli ndi kiyi wako wa zipinda zonse. Katsegule."

Ndili ndi ana atatu, ndipo bambo wawo anapita ku Joni osatembenukanso. Mawu amenewa ndimadziuza mpaka lero, koma sandithandiza. Ndinapita, Bambo Whyte ali pambuyo panga, Lettie pambuyo pawo, n'kutsegula.

Zimene ndinaona mkatimo sindidzaziiwala. Bedi linali mmene ndinaliyalira Lachinayi, losalala, ngodya ya shiti ili chipindire. Palibe amene anali atakhalapo n'komwe. Timasopo tinali m'mapepala ake. Matawulo anali ouma. Nthochi zonse zinalimo m'dengu. Pansi, pakona ya kapeti, panali zitenje ziwiri zopindidwa bwino ndi juzi imene anatsamira. Anthu aja anagona pansi, m'chipinda chokhala ndi bedi lalikulu kuposa onse mu Geisha, poopa kudetsa zinthu za eni.

Patebulo panali kathumba ka mbatata ya kachewere, mwina kamene ananyamulira mwana wawo. Pamwamba pake panali kapepala kong'amba m'kope, kolembedwa ndi pensulo: "Za mayi wa pakhomo. Mulungu akudalitseni."

Ine ndinkaganiza kuti munthu aliyense wobadwa kwa mayi akaona zotere abwerera. Bambo Whyte anayang'ana bedi, anayang'ana zitenje, n'kuseka pang'ono.

"Mwaona? Sanagonepo n'komwe. Palibenso chosintha apa. Anthu oti bedi sakulidziwa ntchito mukuwapatsiranji chipinda ngati ichi?" Anakankha zitenje zija ndi nsonga ya nsapato. "Chotsani izi. Ndikufuna kusamba, ndachedwa."

Ulemu wa anthu aja ndi umene unasanduka umboni wowatulutsira. Lettie anatola zitenjezo, anazisasa pamene nsapato inakhudza, n'kuzibwezera pamalo pake.

Posakhalitsa Bambo Hudson anafika, utuchi uli m'malaya. Sanayang'ane bedi. "Lettie, wapereka bwanji chipinda osandifunsa?"

"Lamulo ndi lanu, bwana. Folo koloko inakwana."

"Awa ndi amene amatidyetsa pano. Tulutsa katunduyu."

"Ndi manja anga yayi."

"Ndiye usankhe wekha, katundu kapena ntchito."

Lettie anapinda manja n'kuima pakhomo. Bambo Hudson anatembenukira kwa ine, ndipo ine ndinanyamula. Chikwama chimodzi cha zipi yothyoka, jumbo ya mankhwala, zitenje ziwiri ndi kathumba ka mbatata, ndinaziunjika pansi pa masitepe omwe aja.

Banja lija linabwera cha m'ma fili koloko pa takisi. Thokozani anali atavalabe gawuni yake yakuda ndi chipewa cha makona anayi, atagwira bambo ake mkono. Onse atatu ankaseka. Bambo Whyte anali atabwerako kale, atakhala pakhonde la Nambala Wani akusenda nthochi ya m'dengu muja.

Mayi Nelia anaona katundu pansi pa masitepe, anaona bambo wa tayi pakhonde, ndipo anamvetsa zonse munthu asanalankhule. Ndinkayembekezera kuti alira kapena atukwana. Anapita pakhondepo n'kugwada, atavala chilundu chawo chatsopano cha tsiku la mwana wawo.

"Pepani bwana, sitinadziwe kuti ndi mwanu. Sitinagwire kanthu. Ngakhale bedi sitinalikhudze."

"Palibe kanthu, mayi," anatero Bambo Whyte uku akutafuna. "Olakwa ndi antchitowa."

Thokozani anaima chilili, digiri ili m'manja, misozi ikutsika. Bambo ake ankalimbana ndi chipewa kuti nawonso apepese. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Lettie anayenda kudutsa pa kapinga, pamene antchito tinkaletsedwa kuponda. Anawadzutsa Mayi Nelia n'kuwapukuta fumbi m'mawondo. "Wukani, amama. Simunalakwire munthu." Analowa mkati, anamasula mulu wa makiyi umene unkakhala m'chiuno mwake zaka zonsezo, n'kuuika pa kauntala. Kenako anakuwira takisi imene inali ikutembenuka pageti.

"Tikupita kuti?" anafunsa Thokozani.

"Ku Chibanja, mwana wane. Kwathu kulibe masitepe."

Lettie anandiuza pambuyo pake kuti anawapatsa bedi lake, ndipo anaima pomwepo osachoka mpaka onse awiri atakwerapo.

Lolemba sanabwere, ndipo Bambo Hudson sanamutumire munthu. Pa risepushoni panaikidwa Tamara, mtsikana wa satifiketi ya za mahotela, ndipo lamulo la folo koloko linathetsedwa kwa aliyense kupatula munthu mmodzi. Bambo Whyte amabwerabe. Ndimawayalirabe bedi lija, ndimawasankhirabe mapeyala akupsa.

Lettie panopa amachapira ana a yunivesite ku Luwinga. Amazungulira m'timazipinda tawo ndi beseni pamutu, ndipo manja aja ang'ambikanso. Ndikakumana naye pa siteji ya minibasi amandilonjera bwinobwino, "Monire, Rejoice, ana ali makola?" Sananditchulirepo za chitseko chija ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka kwambiri.

Sabata imene anachokayo, mlonda anandipatsa jumbo poweruka. Anati Lettie waisiya pageti. Munali theka la mbatata ija, ndi uthenga wapakamwa woti ndikaphikire ana, poti chipinda chija tinkachisamala awiri.

Ndinaphika. Ana anadya mpaka kunyambita mbale. Ine ndinatenga imodzi, ndinaiika m'kamwa, koma inakana kutsika.