Nyerere Zinkapita kwa Bambo

Chitini cha shuga cha amayi chinkakhala pakati pa mbale ya madzi, pamwamba pa kabati. Ku Kafue aliyense ankatero, chifukwa nyerere zakuda siziwoloka madzi. Koma m'chilimwe chimene ndinakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, nyerere zinasiya kabati n'kulunjika kuchipinda cha makolo anga.

Zinkatuluka pamng'alu wa simenti kukhitchini, mzere umodzi, kudutsa pansi pa chitseko mpaka pa kandowa kamene bambo ankakodzeramo. Bambo anali atayamba kukodza pafupipafupi, moti chimbudzi cha panja chinawatalikira. Ankachokera kuntchito kunjanji milomo itauma gwa, n'kumwa jagi yonse ya madzi ali chiimire. Pa lamba wawo anaboolapo mabowo awiri atsopano.

Kukataya kandowako m'mawa inali ntchito yanga. Ndinkapeza nyerere zitazinga m'mphepete mwake bii, zina zitamira.

"Iwe, wayamba kudyela shuga mu bedirumu manje?" anatero amayi tsiku loyamba, n'kundikoka khutu. Ndinali mbala ya shuga yodziwika, sindikana. Koma ulendo uwu ndinalibe mlandu.

Amalume, amene anali atangobadwa mwatsopano, anati, "Ba sisi, izi ni zotumiwa," n'kupemphera mpaka thukuta kamukamu. Nyerere sizinamve.

Amene anandipatsa njira anali aphunzitsi athu. Anatiuza m'kalasi kuti nyerere imodzi ikapeza chakudya imabwerera ikusiya fungo pansi, zinzake n'kumatsata fungolo, ukalipukuta zimasochera. Basi. M'mawa uliwonse, amayi akadali kubafa, ndinkatsuka kandowa ndi phulusa n'kupukuta njira yonse ndi kansanza ka parafini. Kenako ndinkagwada n'kumazionerera zikuzungulirazungulira, zikugundana mitu, mpaka zitabwerera kumng'alu. Mawa lake zinkatsegulanso njira, ine n'kuitsekanso. Milungu isanu ndi umodzi palibe wamkulu anazionanso. Ndinkadziona wochenjera, ndipo lero ndimadana nako kuchenjera kumeneko.

M'mawa wina mvula yoyamba itangogwa, nyerere zikukweza mazira awo oyera pakhoma kuthawa chinyezi, bambo analephera kudzuka. Anawatengera kuchipatala pagalimoto ya aneba. Patapita masiku atatu amayi anabwera okha, atanyamula bulangete.

Pamaliro, namwino wina wa mumzere wa nyumba zathu anakhala pafupi ndi amayi n'kuwafunsa motsitsa mawu: "Simunaoneko nyelele pa mikozo yao? Matenda ya shuga yamaonekela pamenepo. Sembe munabwela nao kudala." Ankatanthauza kuti amayi akanapita nawo msanga bambo kuchipatala.

"Zinabwela masiku yang'ono chabe," amayi anayankha. "Zinaleka zokha."

Amayi anakalamba mpaka kumwalira ndisanawauze. Koma tsiku la malirolo ndinali nditatsamira pamsana pawo, manja anga akununkhabe parafini, ndipo ndinamva mawu onse. Mulungu andikhululukire, mumtima ndinasangalala kuti sanandigwire.